Singano Yokhota

“Masulani, bambo. Yambiraninso. Pang’onopang’ono.”

Aka kanali kachinayi m’mawa umodzi. Telala analuma mano, natenga sizasi n’kudula ulusi umene anali atangomanga kumene. Pathebulo pake panali kachikopa ka labala kong’ambidwa pakati ngati bala, kamene ophunzira zachipatala amaphunzirirapo kusoka munthu.

Zaka makumi awiri ndi zitatu akusoka masuti ndi madiresi aukwati, panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anamubwezerapo chovala. Koma lero, imvi zili mbuu m’mutu, mphunzitsi wamkazi woti akanakhala mwana wake woyamba ankamuimirira kumbuyo n’kumamumasulitsa msoko ngati mwana wobadwa dzulo.

Inde, singano ya kunoko inali ina: yokhota ngati mbedza, yosagwira ndi zala koma ndi kachitsulo kopanira. Sabata yoyamba inamuzunza ndithu. Komatu manja a telala sachedwa kumva. Tsopano ankangopotoza mkono kamodzi, mfundo n’kugona pansi, milomo ya bala n’kukumana popanda khwinya. Iye m’maso mwake sankaona cholakwika, ndipo n’zimene zinkamupweteka kwambiri.

Anzake m’kalasimo anali ana obadwa iye atatsegula kale shopu. Ankamutchula Atelala, ndipo akamva “masulani” ankatsinana n’kumaseka chamumtima. Misoko yawo nayo inali yomvetsa chisoni, apa pothina, apo ulusi uli lendelende. Akanakhala anyamata a pashopu pake, bwenzi atawabweza kwawo tsiku lomwelo. Koma mphunzitsi ankangodutsa, kusuzumira kamodzi, “Zili bwino,” basi. Akafika pa telala, miyendo inkamera mizu. Kumaso sankamuyang’ana n’komwe. Maso ankakhala pa manja, uku akulembalemba m’kabuku kakuda. Pomaliza zikopa za ena zinkabwerera m’bokosi, chake chokha mphunzitsi ankachiponya m’dirowa n’kukiya.

Umboni umenewo, telala ankadziwa. Akusonkhanitsa umboni.

Lamulo la pasukulupo linali losanyengerera: wolephera kusoka sapita kuwodi ndi anzake, amabwereza chaka chonse. Mndandanda wa okhoza unali woti utuluke Lachisanu, ndipo lero linali Lachinayi. Kubwereza chaka iye sakanatha. Zovala za m’masitolo zitamulanda makasitomala, anagulitsa makina ake onse awiri kuti abwerere pabenchi. Mlamu wake anaseka mpaka kugwira m’mimba, amvekere sukulu ndi ya ana. Mkazi wake sanaseke, anangomusitira shati yoyera n’kumuperekeza mpaka pageti. Nanga mawa akamuuza chiyani mayi ameneyu?

Anasokanso kachisanu. Poyang’ana cham’mbali anaona pulasitala pachala cha mphunzitsi. Dzulo inali pachala chamkombaphala, lero pachala chachikulu. Ha! Munthu wodzibaya yekha tsiku ndi tsiku, ndiye aziphunzitsa iye kagwiridwe ka singano?

“Mwathamanganso, bambo,” anatero mphunzitsi. “Masulani.”

Belu linalira. Ana aja anathamangira kunja, phokoso lawo n’kuzimiririka m’khonde. Telala sanamasule. Anavula magolovesi, kuwapinda bwinobwino monga mwa chizolowezi chake, n’kuimirira. Anatembenukira kwa mphunzitsi.

“Aphunzitsi, ine si mwana. Ngati vuto ndi imvi zangazi, ingondiuzani poyera, ndisakutayitseni nthawi. Anzanga akusoka zokhotakhota mukuti zili bwino. Ine sabata yonse masulani, masulani. Kodi ndinakulakwirani chiyani?”

Mphunzitsi anayang’ana kukhomo, kenako pansi. Anatembenuzatembenuza kiyi wa dirowa m’manja.

“Ana aja apita onse?” anafunsa motsitsa mawu.

“Apita.”

Anatsegula dirowa ija. Zikopa za telala zinali mmenemo, zitandandalikidwa pamzere. Pambali pa chilichonse panali chikopa china chosokedwa motsanzira, koma chamakwinya. Kabuku kakuda kanatseguka kokha pomwe kankapindidwa, ndipo munalibe malikisi ngakhale amodzi, koma zithunzi za mkono ndi timivi tosonyeza kopotozera.

“Inu munakhoza Lolemba, bambo, dzina lanu ndi loyamba pamndandanda,” anatero, akutola singano ndi chala chapulasitala chija. “Mfundo yanuyi ikukana ine. Tandionetsaninso kamodzi kokha, chonde, koma pang’onopang’ono.”