Nyanja Inabwerera Popanda Mvula

Sunthirani kuno pang'ono mumve bwino, chifukwa iyi ndinaimva kwa munthu amene analipo.

Panali munthu wina wa ku Domwe, dzina lake Bonifácio. Anaphunzirako ku Tete zaka ziwiri, ndiye chibwerereni panalibenso womuuza kanthu. Chaka chatha, atatha kukumba kachewere, anakopa mnzake Arcanjo kuti akaone zilumba za ku Vilankulo, akavine, akaonenso nsomba pansi pa madzi. Anatenganso mlongo wake wamng'ono, Matilde, mtsikana amene madzi ambiri omwe anawaonapo anali a mtsinje wa kumunsi kwa dimba la kwawo.

Aliyense anabereka moshila, chikwama chija cha kumsana. Anakwera chapa, kaminibasi kaja, mpaka ku Tete, kenako basi yaikulu, ulendo wa masiku awiri. Kugombe anapeza mkulu wina wa imvi, mwini bwato, amene anawaolotsera pa chilumba dzuwa likulowa. Anadya nsomba, anavina pa baraka, kanyumba komwera mowa, anagona.

Kutacha anadabwa. Nyanja inali itathawa. Pamene dzulo panali madzi panali mchenga wokhawokha, mpaka kukafika pa kachilumba kena kutsidya. Bwato la mkulu uja linali litagona cham'mbali pouma.

"Tiyeni tikajambulitse uko, wapansi," anatero Bonifácio.

Mkuluyo ankasoka thanga la bwato lake. Anawayankhula m'Chipwitikizi: "Ana anga, musapite. Madziwa abwera dzuwa lisanafike pamutu. Dikirani, ndikuperekezani pa bwato."

Bonifácio anayang'ana kumwamba. Kunali mbee.

"Abwera ndi mvula iti, madala? Kwathu mtsinje ukaphwa timaoloka mpaka mvula yoyamba. Ukadzaza ndiye kuti kumtunda kwagwa. Mtambo mukuuona penapake?"

"Uno si mtsinje, mwananga."

"Mukungofuna tikwere chibwato chanu chowolacho. Mwaona ndife a kumapiri, ndiye mukutiyesa mbuzi."

Arcanjo anamugwira mkono. "Iwe Boni, munthuyu anabadwira pano."

"Tsala ndi agogo akowo, wamantha iwe. Bwenzi utangokhala kwanu uzipalira nyemba." Bonifácio anatembenukira mlongo wake. "Bereka chikwama."

"Achimwene, ine kusambira sindidziwa."

"Ukasambira pa mchenga? Ndati bereka. Wakubweretsa kuno ndine."

Matilde analeredwa mosayankha akulu. Anabereka, namanga lamba wa moshila pamimba, nawatsata.

Anayenda nthawi yaitali, Bonifácio akuimaima kujambula pa telefoni. Maso ake anali kutsogolo. Koma madzi a m'nyanja sanabwere ngati a mtsinje, ndi phokoso ndi zinyalala. Anabwera chete, kuzungulira kumbuyo kwawo, kudzaza mokumbika monse. Pamene Matilde ankacheuka, njira imene anadzera panalibe.

"Achimwene, taonani."

"Ndi a m'mapazi amenewo. Yenda."

A m'mapazi aja anafika m'mawondo. Kenako m'chiuno.

Kugombe Arcanjo ankawaona ngati timadontho tiwiri. Anagwada pamaso pa mkulu uja. "Bambo, chonde, kawatengeni."

"Bwato lili pa mchenga," anatero mkuluyo. "Madzi amene akuwamizawo ndi omwe alinyamule. Gwira apa, tizikankha."

Anakankha mpaka mapewa kusupuka, bwato linayandama.

Uko madzi anali atafika m'khosi mwa Matilde. Anakakamira malaya a mchimwene wake ndi mphamvu zake zonse.

"Ndisiye, undimiza!"

"Achimwene, musanditaye."

Bonifácio anamumenya dzanja, kawiri, mpaka linatseguka. Anavula moshila wake, nasambira mophiriphitha monga anaphunzirira ku Tete, mpaka pa kamtunda ka mchenga. Matilde lamba uja anamukanika kumasula. Anamira, anatumphuka, anamiranso.

Bwato litafika, Bonifácio ankakupiza manja. Mkulu uja anamudutsa osamuyang'ana, nalunjika pamene chikwama chinaonekera komaliza. Analowa m'madzi ndi zovala, natuluka atagwira mtsikanayo tsitsi. Anamugoneka m'bwato, namupsinja pachifuwa mpaka anasanza madzi. Atamva kuti akupuma, m'pamene anabwerera kukatenga winayo.

Ndipo mukudziwa chimene Bonifácio ananena atakwera? "Munandidutsa bwanji? Simunandione?"

"Ndinakuona," anatero mkuluyo. "Ndinaonanso zimene unachita."

Matilde anagona m'chipatala sabata yathunthu, madzi atamulowa m'mapapo. Za magule ndi nsomba zinathera pomwepo. Pobwerera, Arcanjo anakhala pa mpando wina, osayankhula naye Bonifácio mpaka ku Ulongwe, pafupi ndi kwawo.

Atafika kumudzi, Bonifácio anathamangira kufotokoza yekha. Anauza mayi ake kuti mwini bwato ndiye anawanamiza kuti aoloke, ndipo iye anavutika kwambiri kupulumutsa mwanayo. Mayiwo anayamba kutukwana anthu a kunyanja.

Matilde anali atakhala pa mphasa, akutsokomolabe. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anadula mawu a wamkulu.

"Amayi, musamutukwane mkuluyo. Anatiletsa. Ine ndinagwira malaya a awa, iwo anandimenya dzanja."

Mayiwo anayang'ana Arcanjo, amene anali atawaperekeza mpaka pakhomo. Arcanjo anagwedeza mutu kuti ndi momwemo.

Mtsikanayo anachira, ndipo pano amagulitsa nyemba pa msika wa Domwe. Anthu osadziwa akamufunsa kuti achimwene ako ali bwanji, iye amangopitiriza kuyeza nyemba zake, n'kuyankha kuti, "Ine ndinabadwa ndekha."

Phunziro: Nzeru za kwanu zimagwira ntchito kwanu. Ukafika kwa eni ake, wakukuletsa usamunyoze, ndipo usakokere wamng'ono ku ngozi chifukwa choti sangakukanire. Ngati muli ndi achinyamata amene akukonza ulendo wa kunyanja, chonde atumizireni nkhaniyi aiwerenge asananyamuke.