Pampu Yopanda Phokoso

A Gresham anali ndi ngongole kwa Nyamanda. Osati ya ndalama ayi, ya tulo. Analonjeza nthawi ya mango kuti asintha pampu yawo. Mango anatha, mvula inakata, pampu ikulirabe.

Nyumbayo inali ya boma, denga limodzi, khoma pakati. Mbali iyi kunkakhala Nyamanda ndi amuna ake a Paston, kalaliki wa padoko. Mbali inayo a Gresham, bambo wosakwatira wa ku Ntcheu, amene m'mawa uliwonse ankakwera mtunda kupita ku maofesi a boma atamanga tayi.

Tauni yonse inkawadziwa chifukwa cha nsomba zawo. Munthu kukhala pa Nkhata Bay, pomwe nsomba amachita kukukakamiza pamsika, iye n'kukaitanitsa zina ku Joni! Tinsomba tamizeremizere m'bokosi lagalasi. Tosadyedwa n'komwe. Tam'madzi amchere. Mchere womwe anzawo amagula wa pasupuni, iwo ankaukhuthulira m'madzi ngati akuphikira maliro. Ndiye ati madziwo sayenera kugona, pafunika pampu yowazunguza usana ndi usiku. Pampuyo anaikhomera pakhoma lapakati lomwelo. Drrrr! Chigayo chenicheni.

Kwa Nyamanda mbale zinkavina pashelefu. Mutu unkawawa kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu. Ngakhale kucheza ndi mwamuna kunatha. A Paston akalawa pang'ono, pakamwa pawo pankakhala popanda chitseko: za makadi a chipani ogulitsa mokakamiza, za anyamata otseka msika ndi zikwapu, za uje amene anamutenga osabwerera. Nyamanda ankangoona milomo ikugwedezeka.

"Mwati chiyani?"

Iwo n'kubwereza mokweza. Banja lanji lolankhulana ngati muli m'mabwato awiri?

Tsiku lina anawapezerera a Gresham pakhonde, n'kuwaitana mwa chikwawo, poti kunyanjako bambo amati ada.

"Ada, pampu."

"Amayi, zachete n'zosowa. Ndalembera kale ku Blantyre."

"Kalatayo ikuyenda wapansi?"

"Komanso nsombazi zinazolowera imeneyi. Kusintha zingadwale."

"Ine ndinadwala kalekale. Kapena ndimere mamba kuti mundimvere chisoni?"

A Gresham anangomwetulira n'kulowa m'nyumba. Kudzikonda kwa anthu ophunzira! Nyamanda sanadikirenso za Blantyre. Anatumiza mawu kwa mlongo wake Cyrus, amene ankagwira ntchito ku Joni, kuti pobwera kutchuthi asamubweretsere nsalu kapena bulangete. Mapampu.

Loweruka lina masana anagogoda kwa a Gresham, beseni lamadzi pamutu, Cyrus pambuyo atanyamula katoni. Sanadikire kuti lowani.

"Zimitsani chigayo chanucho. Lero tisankha."

Yoyamba ataiyatsa m'beseni inkalira ngati njuchi zasochera. Nyamanda anapukusa mutu. Yachiwiri inali phee, koma itangokhudza galasi inayamba kung'ung'udza. Yachitatu inali kakang'ono, kakuda, kokhala pansi pa madzi, kogwira galasi ndi timapazi tamphira. Cyrus anakamiza m'bokosi la nsomba.

"Musakhulupirire khutu la m'chipinda chino," anatero Nyamanda. "Wovutika ali uko."

Anazungulira kwawo, n'kugunditsa khutu pakhoma.

"Yatsani!"

"Yayaka kale, alongo," anayankha Cyrus.

Nyamanda anabwerera akuseka, mano onse pamtunda. Madzi ankayenda bwinobwino, tinsomba tikupita uku ndi uku ngati tili pa ukwati. Palibe kanadwala.

A Gresham anali atanyamula yoyamba ija, akuitembenuzatembenuza.

"Koma iyi ndiye yamphamvu, amayi. Kaphokoso pang'ono sikapha munthu."

"Yachitatu."

"Kapena tiyese kaye mwezi umodzi..."

"Ada, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma njira ya kwa a tcheyamani a chipani ndikuidziwa. Ndikawauza kuti m'nyumba muno muli munthu amene makina ake amatseka wailesi mtsogoleri akamalankhula. Mukafotokoze nokha za nsomba zanuzo."

A Gresham anayang'ana Nyamanda, anayang'ana khoma. Anaika pampu ija pansi.

"Chabwino. Yachitatu."

"Yakaleyo ndipatseni. Ndikukudziwani, mawa muibwezera."

Cyrus anaizula pakhoma. Nyamanda anatuluka nayo panja, anatenga musi, kawiri kokha basi. Anabweranso ndi zidutswa m'beseni kuti mwini wake aone.

"Yewo, ada. Mwaona? Sizinavute."

M'nyumba munali zii. Ngakhale wotchi ya a Gresham inayamba kumveka. Nyamanda anaima pakati pa chipinda, maso otseka, akumvetsera chete wake amene anamuvutikira.

Kenaka mbali inayo chitseko chinalira. Nsapato ziwiri zinagwa pansi, imodzi, kenaka inzake. Mpando unakwekwereka. A Paston anali atabwera, ndipo ankamveka ngati akhala pomwepo pambali pa nsomba.

"Anyamanda! Muli kuti? Akuba aja ayambanso! Ati khadi ina ya mwana amene ali m'mimba!"

A Gresham anamasula tayi pang'onopang'ono, n'kukhala pansi.

"Ngongole yanu ndabweza, amayi," anatero motsitsa mawu. "Nyumba ino a boma anandipatsa kuti ndizimvetsera zolankhula za amuna anu. Chaka chonse ndakhala ndikukanena zoona zokhazokha, kuti sindikumva kanthu. Nanga Lolemba ndikanene chiyani?"