Galasi la kwa aneba

"Kodi limenelo ndi lathu?" anafunsa amake mapasa ataona amuna awo atanyamula galasi latsopano.

"Ayi, ndi la aneba. Paja alibe mwamuna wowathandiza."

Mayiwo anayang'ana katoni imene inatseka windo lawo chiswekereni chaka chatha. Kuseri kwa mpanda bambowo ankamatirira galasi akuimba mluzu, anebawo akuseka ngati akugirigishidwa. Mtima wa mayiwo unawira. Madzulo ake anatola mwala n'kuponya pa windo la anebawo. Phwaa!

M'mawa anapeza bambowo atameta ndevu, akuvala malaya osita bwino.

"Ulendo wa kuti, abambo?"

"Ana opulupudza aswanso galasi lija. Lero ndikawaikiranso zitsulo zotchinga, ndiye ntchito ndi yambiri. Chakudya musandisungire, ndikadyera konko."