Kusambira pa Mphasa

Kuno khomo lililonse limalandira ndowa imodzi ya madzi patsiku, ndipo posamba timangodzipukuta ndi kansalu konyowa. Anansi atapempha kuti tizisonkha kapu imodzi tsiku lililonse mpaka tidzadze dziwe losambiramo tonse, amuna anga anakana.

"Madzi osewera nawo? Misala imeneyo!"

Mwana wathu Tisungane anafunsa, "Ababa, kusambira kumakhala bwanji?"

Bambo akewo anagona chafufumimba pamphasa, natsinzina, nayamba kupalasa manja ndi miyendo.

"Ndiye simugunda pansi?" ananong'ona mwanayo.

"Ayi, mwanawe. Madzi amakunyamula thupi lonse."

Ine ndi Tisungane tinangoti kukamwa yasaa.

M'mawa ndinawaona akulowera kudziweko pang'onopang'ono, atagwira kapu ndi manja awiri, kuopa kutaya ngakhale dontho.