A Chipewa pa Tsamba la Omwalira

Amake mapasa anali atafika kale patebulo lachitatu, akupala khofi wouma amene wina anataya dzulo n'kumusiya choncho. Anthu olemba nyuzipepala! Amadziwa dzina la banki iliyonse imene yagwa kutsidya kwa nyanja, koma pamene pamakhala bini sapadziwa.

Mwezi wonsewo nkhani inali imodzi: chuma cha dziko lonse lapansi chadwala. Pakhoma anamatapo zithunzi za azibambo a masuti akutuluka m'maofesi atanyamula makatoni, nkhope zili ndwii, ngati ndiwo oyamba kuchotsedwa ntchito chilengedwere dziko. Amake mapasa ankazidutsa ndi chokolopera chawo osacheuka. Munthu woti galimoto ikumudikira panja akulira chiyani?

Lawo vuto linali lapafupi. Ku fakitale ya mabulangete, kumene amuna awo ankagwira ntchito, mwiniwake anali atalengeza kuti theka la antchito lichotsedwa, ndipo mayina asankha yekha. Mwiniwakeyo inali nkhalamba youma mtima imene antchito ankaitcha a Chipewa, chifukwa sinkavulira chipewa munthu aliyense. Mwana wake wamkazi ankadziwika kuti zochotsa anthuzo sakuzifuna, koma bambo ake ali moyo mawu ake sankapitirira pakhomo la ofesi. Choncho bambo a mapasa, munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo, ankalawirira tsiku lililonse, kugwira ntchito chowerama, kuseka nthabwala zosaseketsa za kapitawo, kuti mwina dzina lawo lisatchulidwe. Ndipo kunyumba kunali mapasa awiri odya ngati anayi.

Patebulo la mkonzi panali mulu wa mapepala. Amake mapasa anaunyamula kuti apukute pansi pake, maso n'kugwera pa tsamba lapamwamba: AMENE ATISIYA MWEZI UNO. Panali woimba wakunja amene anakwatira kasanu. Panali nduna yopuma imene pakudya sinapumepo. Panali katswiri wa zachuma amene anafa mwezi womwewo chuma chikufa, mwina ndi manyazi. Onsewo akuti anali anthu abwino, dziko lataya. Lataya chiyani? Wochapa zovala zawo akafa, ndani amamuika patsamba?

Pansi pa tsambalo panali pepala lina, la chithunzi chozunguliridwa ndi mzere wakuda. Chipewa chija. Masaya ogwa aja. Pamwamba pake panalembedwa kuti TATE WA MAFAKITALE WAGONA, ndipo m'munsimu akuti malemuwo anali ngati bambo kwa antchito awo.

"Bambo!" anatero amake mapasa, akutsonya. Sanawerenge mpaka kumapeto. Bodza limatopetsa maso.

Anapukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa foni.

"Bambo a mapasa, wongolani msana. A Chipewa apita."

"Apita kuti?"

"Kumene amapita anthu onse, inunso! Amwalira. Ndaona ndi maso angawa patebulo la mkonzi, nyuzi isanatuluke n'komwe."

Mbali inayo kunangomveka makina. Kenako timawu ta mantha: "Mukunena zoona inu, mayi?"

"Zaka khumi ndi zinayi ndikusesa muno. Ndinayamba ndakunamizanipo? Fakitale ndi ya mwana wamkazi uja tsopano, palibenso wochotsedwa. Kapitawo wanu uja mano amuthera. Kamodzi kokha pamoyo wanu, anthu amvereko nkhani kwa inu, osati inu kumangomvera kwa anthu ngati khoma."

Anadula foni, napitiriza ntchito. Anatola makapu asanu ndi awiri, ena omera nkhungu. Anachotsa chingamu pansi pa mpando wa wolemba nkhani zachuma, mnyamata wophunzitsa dziko kusamala zinthu pamene nsapato zake amazisiya pakati pa njira. Kuwala kwa dzuwa kunalowa pawindo, fumbi lonse limene anali asanalifike n'kuonekera.

Foni inalira. Mawu a amuna awo sanawazindikire msanga. Kumbuyo kwawo kunali mluzu ndi kuwomba m'manja.

"Mayi, ndakwera patebulo lodulira nsalu! Ndalengeza ndine! Makina onse tazimitsa, anthu akuvina. Kapitawo ndamuuza zonse zimene ndakhala ndikumeza zaka zonsezi, maso ndi maso. Za nkhalamba ndiye musanene. Ndati ikapse ndi chipewa chake chomwe! Anzanga ajambula pafoni, akuti ndine mwamuna!"

"Chabwino, tsikani mungathyoke. Chipatala chilibe mankhwala a anthu odzionetsa."

Anatero ndi mawu awo a masiku onse, koma pakamwa panawakanika kutseka. Koyamba pa zaka zambiri sanamve ngati anakwatiwa ndi chithunzithunzi.

Chitseko chinatseguka. Analowa mkonzi, kamunthu ka tayi yokhota, n'kuponya jekete patebulo lopukuta kale, nsapato zikusiya matope pamene pakolopedwa. Masiku onse amake mapasa sankamulankhula kupitirira moni. Lero mtima unali mbee.

"Mwadzuka bwanji, bwana? Pepani, popukuta ndaonako za mwini fakitale ya mabulangete. Maliro ake ndi liti?"

Mkonzi anayang'ana pepalalo, n'kuseka, akuliponya m'dirowa.

"Aa, ili? Anthu otchuka akakalamba timawalemberatu nkhani ya imfa yawo, mayi, kuti tsikulo likadzafika tisadzathamange. Nkhalamba ija ili gwa! Ndalankhula nayo pafoni pompano, ili m'galimoto, ikupita ku fakitale kukatchula mayina."