Dzenje la Chimbudzi cha kwa Chimbalanga

Chikhazikitsireni lamulo loti munthu asakumbe dzenje lopitirira m'mawondo ophunzira a kuyunivesite asanafufuzepo zamakedzana, a Chimbalanga analibe mtendere. Chimbudzi chawo chinali chitadzaza, mvula ili pafupi, koma ophunzira amene anabwera kudzakumba chatsopano ankangopala dothi ndi timipeni, n'kumalisesa ndi timaburashi.

"Ana inu, kwanu kulibe makasu?" ankadandaula bambowo.

Akazi awo, Nankhoma, ndiye zinawalowa m'magazi. Anapereka sefa yawo ya ufa kuti azisefera dothi, nkhuku n'kuzitsekera m'khola kuti zisafukule, ana n'kuwaletsa kudumpha zingwe zimene ophunzirawo anakunga mozungulira dzenjelo. Chinkawaopsa n'chimodzi chokha: pakapezeka kanthu, malowo amatchingidwa mpaka chilimwe.

Tsiku lina masana Zione, wophunzira amene ankasefa nawo, anakuwa: "Mayi, taonani!"

M'sefamo munatsalira mkanda wobiriwira, ndipo m'dzenjemo munali mutasuzumira mlomo wa mphika wolembedwa timizere.

"Pano anthu ankaphikapo agogo a agogo anu asanabadwe," anatero Zione.

Nankhoma analulutira mpaka mbuzi zinadzidzimuka, kenaka anadzigwira pakamwa atakumbukira amuna awo. Potembenuka, anawapeza atagwada kale m'dzenjemo, akupukuta mphikawo ndi mswachi wawo wotsukira mano.

"Nanga za chimbudzi, bambo a Limbani?"

"Tizikapempha kwa aneba," anayankha osadzutsa n'komwe mutu. "Iwe Zione, pang'onopang'ono pamenepo! Ungandiswere mphika wa makolo anga!"