Nyimbo Yanga mu Chapa ya ku Kalomwe

Chapa, minibasi yathu, itangodutsa msika wa ku Ulongwe, motorista ali pa chiwongolero anakweza wailesi, ndipo ndinamva mawu anga. Nyimbo yanga yeniyeni, imene sindinaitulutse n'komwe!

"Yatsopano iyi," anatero kobradolo, wotolera ndalama, akugwedeza mutu. "Anyamata a pamsika akuikira anthu m'mafoni."

Nyimboyi ndinapatsa anthu awiri okha: a Geraldo a ku situdiyo, ndi chibwenzi changa Edmundo, amene anali pambali pangapa, kathumba ka kachewere pamiyendo.

Koma inetu si mwana. Ya a Geraldo imatha ndi gitala basi. Ya Edmundo ndinawonjezera kumapeto monong'ona: "Edmundo, iyi ndi yako wekha."

"A Geraldo amenewa!" Edmundo anapukusa mutu. "Ndinakuuza, Arlete, mdala uja maso ake ngakuba."

"Ee, unandiuzadi. Tiye tiimve mpaka ithe."

"Uimverenji? Si unaimba wekha?"

"A motorista, takwezaniko pang'ono!"

Amayi ena kumbuyo anayamba kuimba nawo, akulakwitsa mawu onse. Vesi yomaliza inalowa. Edmundo anapukuta thukuta pamphumi, pamene tonse tinali m'majuzi. Gitala inayamba kutsika pang'onopang'ono.

Mwadzidzidzi Edmundo anamenya denga la chapa. "Imani! Nditsika pano!"

"Pano?" kobradolo anasuzumira panja. "M'munda mwa nyemba muno, achimwene? Si mumati Kalomwe?"

Ndinamugwira malaya, ndikumwetulira.

"Khala pansi, amor. Yatsala pang'ono kutha."